KULONDOLA MAPAZI A KHOLO LIMENE LINAPITA KU HARTLEY

M'midzi yambiri ya ku Malawi ndi ya kum'mawa kwa Zambia muli mabanja amene asungabe dzina la munthu wao amene anapita ku Halale kalekale, osabweranso. Amakumbuka kuti anacoka atatha kukolola, kuti anatumiza kalata kawiri kapena katatu pamodzi ndi bulangete ndi mashileni a msonkho, ndipo pambuyo pace kunangoti zii. Anthu otere anachedwa machona. Tsidya lija la Zambezi, m'makomboni a migodi ndi m'mapulazi a ku Zimbabwe, muli adzukulu a machona omwewo. Iwo akafunsidwa kwao amayankha kuti agogo ao anacokera ku Nyasaland, koma mudzi wace ndi mfumu yace sazidziwa. Nkhani ino ifotokoza m'mene a mbali ziwirizi angalondolere mapazi a kholo lao, ndipo citsanzo cace catengedwa ku dera la Chegutu ndi Kadoma, kumene anthu a kumpoto anapita ambirimbiri.

Wofunafuna ayambe wadziwa maina akale, pakuti m'makalata a makolo dzina lakuti Chegutu mulibe. Kufikira caka ca 1982 mzindawu unali kuchedwa Hartley, ndipo Kadoma anali Gatooma. Dzinali linacokera kwa Henry Hartley, mlenje wa njobvu, amene pamodzi ndi Karl Mauch anaona maenje akale a golide m'dzikomo m'zaka za 1866 ndi 1867, maenje amene eni dziko anakumba Azungu asanafike. Mudzi woyamba wa Azungu unamangidwa pa Hartley Hills, pafupi ndi mtsinje wa Umfuli umene lero uchedwa Mupfure. Koma njanji ya pakati pa Bulawayo ndi Salisbury, imene inatha kumangidwa mu 1902, inadzera kwina, ndipo mudziwo unasamuka kutsata njanjiyo. Chegutu ali pa mtunda wa mailosi ngati 65 kucokera ku Harare, ndipo Kadoma ali mailosi ngati 20 kutsogolo kwace.

Dziko lozungulira mizinda iwiriyi linadzala ndi migodi ya golide. Kunali Giant ku Gadzema, Pickstone, Dalny ku Chakari, Golden Valley, ndi migodi ina yaing'ono yosawerengeka ya Mzungu mmodzimmodzi, imene inatseguka caka cino nitsekeka caka camawa. Woposa yonse unali Cam and Motor pa Eiffel Flats, umene unachuka kuti ndiwo mgodi waukulu wa golide m'dziko lonse la Southern Rhodesia, kufikira nchito ya pansi inalekeka mu 1968. Pambuyo pace panadza thonje. Malo oyesera mbeu ya thonje anatsegulidwa ku Gatooma mu 1925, ndipo m'zaka za 1950 kampani ya David Whitehead inayamba kuomba nsaru ku Hartley. Cotero nkhalamba ikati inagwira nchito ku Gatooma, mau amenewo angatanthauze mgodi, pulazi la cimanga, kapena makina a thonje, ndipo wofunsa asacoke asanamvetse kuti ndi citi mwa izi.

Cimene cinacotsa amuna kwao cinali msonkho wa nyumba, umene unafuna ndalama, pamene malipiro a m'minda ya Azungu a ku Nyasaland anali ocepa ndithu. Ashona ambiri masiku oyambawo anali ndi ng'ombe ndi minda pafupi ndi misika, ndipo sanafune kulowa pansi, tsono eni migodi anayang'ana kumpoto. Mu 1903 anakhazikitsa bungwe lolemba anthu nchito, Rhodesia Native Labour Bureau, limene anthu analicha cibalo, nadana nalo cifukwa linali kutumiza munthu ku mgodi umene ena onse anaukana. Ambiri anasankha kuyenda okha, ulendo umene unachedwa wa selefu. A ku Blantyre, Ntcheu ndi Dedza anadzera ku Tete, naoloka Zambezi, nalowa pa Mtoko kapena pa Mount Darwin. A ku Kasungu, Mzimba ndi Fort Jameson ambiri anatsikira ku Feira, kumene Luangwa athira m'Zambezi. Mu 1935 akulu amene Boma la ku Zomba linawatuma kufufuza nkhaniyi, motsogozedwa ndi Travers Lacey, anawerengera kuti amuna a ku Nyasaland okhala kunja analipo ngati 120,000.

Mayendedwe a munthu ndiwo mboni yoyamba ya nthawi imene anapita. Bungwe la cibalo linatha mu 1933. Maboma atatu anapangana za anchito oyendayenda mu 1936, ndipo m'zaka zotsatira malole ndi mabwato aulere anayamba kunyamula anthu m'njira zija, nachedwa Ulere. Bungwe lina, limene anthu analicha Mthandizi, linayamba mu 1946, ndipo ambiri a anthu ace linawatumiza ku mapulazi. Ngati a pabanja akumbuka kuti malume anakwera Ulere, ndiye kuti sanapite nkhondo yoyamba ya Jeremani ili mkati, ngakhale wina alumbire cotani. Ngati akumbuka Mthandizi, ndiye kuti nkhondo ya Hitler inali itatha.

Mwa onse amene anafika ku Hartley ndi miyendo, amene mbiri yao inalembedwa koposa ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda, ndipo mbiri imeneyo iphunzitsa zambiri za nchito ya kulondola kholo. Iwo anabadwira ku Kasungu. Atate ao anali Mphonongo Banda, amai ao anali a mfunda wa Phiri. Anaphunzira pa Mtunthama ndi pa Chilanga, masukulu a Mishoni ya Livingstonia. Mu 1915 anakhala pa mayeso a uphunzitsi, ndipo popeza anali afupi msinkhu anaimirira kuti aone bwino zolembedwa pa bolodi. Woyang'anira mayesowo, Mbusa Thomas Cullen Young, anayesa kuti alikuonera kwa mnzao, nawacotsa. Pasanapite nthawi anauyamba ulendo wa kumwera, mtima uli pa sukulu ya Lovedale ku South Africa. Kucokera ku Kasungu kufika ku Hartley pali mailosi oposa 400 ngakhale munthu atalunjika ngati mbalame, ndipo ndalama zitawathera analowa nchito yonyozeka m'cipatala ca pa Hartley. Olemba mbiri yao amati zimene anaona m'cipatalamo, makamaka kasamalidwe ka odwala acikuda, ndizo zinawapatsa maganizo a kuphunzira udotolo.

Mu 1917 anacoka ku Hartley pamodzi ndi mtsibweni wao, Hanock Msokera Phiri, mphunzitsi wophunzira ku Livingstonia. Anagwira nchito pa mgodi wa malasha pafupi ndi Dundee ku Natal, ndipo pambuyo pace a Banda anakhala mlembi pa mgodi wa Witwatersrand Deep kufupi ndi Johannesburg. A Phiri anabwerera ku Kasungu mu 1924 ali mbusa wa mpingo wa African Methodist Episcopal, ndipo a Banda anaoloka nyanja kunka ku America mu 1925. Pa ulendo wa ku Hartley mabuku sanena cimodzi. Ena amati awiriwa anacokera limodzi ku Kasungu, ena amati mnyamatayo anatsogola ndipo mtsibweni anampeza komweko caka cotsatira. Ngati mbiri ya munthu amene analamulira dziko zaka 30 ili ndi mphambano zotere, nanga ya wokumba miyala pa Giant idzakhala yotani? Wofunafuna asataye mtima akamva akulu awiri alikutsutsana. Alembe mau a onse awiri, aliyense ndi dzina lace, mpaka papezeke mboni yacitatu.

Cacikulu koposa ndi caka ca kubadwa. Kwa nthawi yaitali Boma linanena kuti Dr. Banda anabadwa pa 14 Meyi 1906, ndipo tsikuli likumbukiridwabe ku Malawi caka ndi caka. Mabuku ena analemba 1902. Koma caka ca 1906 cikaikidwa pambali pa zinthu zodziwika bwino, sicikhala. Munthu wobadwa 1906 akadakhala wa zaka 9 pa mayeso a uphunzitsi aja, ndi wa zaka 11 pa mgodi wa malasha ku Natal. Ndico cifukwa cace olemba mbiri ambiri lero abvomerezana pa 1898 kapena pafupi pamenepo, kutanthauza kuti pamene anamwalira ku Johannesburg pa 25 Novembala 1997 anali ndi zaka ngati 99. Kalata ya kubadwa panalibe, pakuti masiku amenewo ana a m'midzi sanali kulembedwa. Cimene cinaongola cakaco ndi kulinganiza msinkhu wa munthu ndi zocitika za masiku ace.

Njira yomweyo ndiyo ya banja liri lonse. Nkhalamba sizisunga zaka, koma zimasunga zoopsa. Zimati uje anabadwa Azungu atagonjetsa Mwase wa ku Kasungu, ndiko kumapeto kwa 1895, kapena pa nkhondo ya Mpezeni, ndiyo 1898. Zimati anali kukwawa pa nkhondo ya Chilembwe, Januwale 1915, kapena anathawa mtengatenga wa nkhondo ya Jeremani, imene inatha mu 1918. Caka comweco, m'mwezi wa Okotobala, nthenda ya fuluwenza inalowa m'makomboni a migodi nipha anchito ambiri, kotero kuti munthu amene makalata ace analeka mwadzidzidzi nkhondo ija ikutha ayenera kuyamba kufunidwa pakati pa akufa a mliri umenewo. A m'mbali mwa nyanja amakumbuka kumira kwa sitima ya Viphya mu Julayi 1946, a ku Zomba amakumbuka Napolo wa Disembala caka comweco, ndipo a ku Blantyre ndi madera ozungulira saiwala njala ya 1949. Zocitika ziwiri kapena zitatu zotere zikapezeka m'moyo wa munthu mmodzi, zaka zace zimadziulula zokha.

Bvuto la maina ndilo lagwetsa ofunafuna ambiri. Munthu pocoka kwao anali ndi dzina la ubwana, dzina la ku dambwe kapena ku jando, kapenanso la ubatizo. Pofika pa ofesi ya citupa, mlembi amene sanamve cinenero cace analemba cimene khutu lace linagwira, kapena anangompatsa dzina losabvuta Mzungu monga Jim kapena Sixpence. Enanso anasintha maina dala. Wothawa pa mgodi woipa anali kutaya citupa cace natenga cina ndi dzina lacilendo kuti apolisi asampeze, monga anafotokozera Charles van Onselen m'buku lace la Chibaro la mu 1976. Ngakhale dziko la kwao linasokonezeka, pakuti ku Rhodesia anthu onse a ku Nyasaland anangochedwa a ku Blantyre, angakhale Mtonga wa ku Chintheche amene Blantyre sanamuonepo. Cimene sicisintha msanga ndi mfunda kapena ciwongo, monga Phiri, Banda, Mwale, Mbewe, Nkhoma, Jere. Koma mfunda pa wokha uli ngati nyanja, a Phiri ali m'maiko anai. Uyenera kuyenda pamodzi ndi dzina la nyakwawa, la mfumu yaikulu, la boma, ndiponso la mtsinje umene mudziwo unali kutunga madzi, popeza midzi imasamuka koma mitsinje ikhala pomwepo. Maina a maboma nao anasintha: Port Herald ndi Nsanje, Fort Johnston ndi Mangochi, Fort Manning ndi Mchinji, Fort Jameson ndi Chipata.

M'mbiri ya Dr. Banda muli kanthu kena koyenera kukaona. Mbale amene anali nao ku Hartley sanali wa kwa Banda, anali wa kwa Phiri, mtsibweni wa ku cikazi. Pakati pa Acewa, Ayao, Alomwe ndi Ansenga mwana ndi wa mbumba ya amace, ndipo womuyang'anira ndi mlongo wa amai. Mdzukulu wa ku Chegutu amene apita ku Dowa kukafunsa anthu a dzina la agogo ace amuna okha angabwere cimanjamanja, pamene akadachula dzina la amai a agogowo, kapena la alongo ao, akadalozeredwa nyumba tsiku lomwelo. Ashona mwambo wao ndi wina. Kwa iwo mwana atenga mutupo wa atate, nawerengedwa wa kwao kwa atate. Tsono Mcewa akakwatira mkazi wa Cishona, a kwa mkazi anali kunena kuti anawo ndi a ku Nyasaland, ndipo a kwa mwamuna anali kunena kuti ndi a kwa amai ao. Ana ambiri a m'makomboni anakula cotero, opanda mbali yowawerengera, ndipo ici ndi cimodzi ca zifukwa zimene mzera wa makolo unadukira pa mbadwo waciwiri. Angoni a ku Mzimba ndi a kwa Mpezeni, amene amalowola, mzera wao ngwa ku cimuna, ndipo kufunsa kwace kuyenera kutsata komweko.

Za makalata, oyamba kufunidwa ndi a m'nyumba momwe, m'sutikesi ya malata kapena pakati pa masamba a Buku Lopatulika. Citupa cakale cinali kuchula dzina la munthu, la atate wace, la mfumu ndi la boma. Pangano lina la maboma atatu la mu 1947 linalamula kuti gawo la malipiro lizitumizidwa kwa banja kumudzi, ndi gawo lina lisungidwe kufikira mwini atabwerera, ndipo kabuku ka nchito ka masiku amenewo kakapezeka nkamtengo wapatali. Acibale a kumudzi ayang'ane envulopu yeniyeniyo, pakuti cidindo ca positi cimanena malo ndi tsiku ngakhale kalata ya mkati itafufutika.

Mipingo inasunga maina koposa eni migodi. Mbusa T. C. B. Vlok wa Mishoni ya Dutch Reformed, amene anagwira nchito ku Mvera ndi ku Nkhoma, anasamukira ku Salisbury mu 1912 kuti akawete Akristu a ku Nyasaland obalalika m'migodi ndi m'mapulazi, ndipo nchito imeneyo inakula kufikira inakhala Sinodi ya C.C.A.P. ya ku Salisbury mu 1965, imene lero ndi Sinodi ya Harare. Mkristu wosamuka anali kutenga kalata ya mpingo wa kwao, ndipo mabuku a ubatizo ndi a ukwati amachula makolo ndi mudzi. Akatolika nao anasunga mabuku otere mosamala. Amene sanali a mpingo anasiya mapazi ao kwina. Ayao anamanga mizikiti, Acewa anatsegula madambwe a Nyau pa migodi ndi pa mapulazi, ndipo akulu a mabungwe amenewa amadziwa amene anavinidwa ndi amene anaikidwa pati. Panalinso mabungwe a maliro, ena ochedwa maina a maboma a kwao monga Port Herald, amene nchito yao inali kuona kuti mlendo asaikidwe ngati nyama ya m'thengo.

Makalata a Boma asungidwa ku National Archives ku Harare, ku Zomba ndi ku Lusaka. Nyumba ya ku Salisbury inayamba mu 1935, ndipo nthambi ya ku Zomba inatsegulidwa mu 1947. Wopita ku Zomba adziwiretu kuti mu 1919 moto unapsereza maofesi akulu a Boma kumeneko pamodzi ndi makalata ambiri a zaka zoyamba, kotero kuti za masiku amenewo zimapezeka kawirikawiri m'mabuku a Mishoni. Ku Harare kuli malipoti a Native Commissioner wa ku Hartley, a oyendera makomboni, ndi mabuku a milandu. Ndi cinthu comvetsa cisoni kuti munthu wofatsa amene anagwira nchito zaka 20 osalakwira munthu sapezeka m'makalata amenewa, pamene wothawa nchito kapena wofulula mowa mobisa analembedwa dzina, mfumu ndi boma lace. Banja lisacite manyazi kupeza kholo lao m'buku la milandu, pakuti milandu yambiri ya masiku aja inali ya citupa ndi ya kuswa pangano la nchito.

Ena angayese kuti zonsezi ndi zokondweretsa mtima cabe. Kwa adzukulu a ku Chegutu ndi ku Kadoma nkhaniyi yakhudza moyo wao weniweni. Kuyambira mu 2000 mapulazi a Azungu analandidwa, ndipo anchito ambiri a mtundu wa kumpoto anasowa kolowera popeza analibe mudzi wa makolo m'Zimbabwe. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo obadwira m'dzikomo amene kholo lao linacokera kunja anauzidwa kuti akane unzika wa dziko linalo, dziko limene ambiri a iwo sanaliponde n'kamodzi komwe. Ocuruka anatsala ndi zitupa zowachula alendo, nalephera kuponya voti. Malamulo akulu a dziko a mu 2013 anakonza ici ponena kuti wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanayambe, wokhala momwemo, amene kholo lace linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC monga Malawi, Zambia kapena Mozambique, ndi nzika mwa kubadwa. Koma pa ofesi pafunikabe umboni wa kubadwa kwace ndi wa kwao kwa makolo ace, ndipo pamenepo citupa cong'ambika ca agogo, kapena tsamba la m'buku la ubatizo, licita nchito imene mwini wace sanailote.

Anyamata amene anatengedwa ndi Mthandizi m'zaka za 1950, amene akali moyo, zaka zao zili pafupi 90. Alipo owerengeka m'Pfupajena ku Chegutu, m'Rimuka ku Kadoma ndi m'makomboni a migodi yotsekedwa, ndipo ayenera kufunsidwa m'cinenero cao, mofatsa, pa maulendo angapo. Amai okalamba asapitiriridwe, pakuti ndiwo amasunga maina a alongo ndi a ana amene anamwalira ali ang'ono. Mudzi ukadziwika, kalata yoyamba ipite kwa nyakwawa, ndipo ichule dzina la ubwana la munthuyo, mfunda wace, dzina la amace ndi la mtsibweni wace, ndi cocitika cimene cinaoneka caka cimene iye anacoka.